ZA MAKINA A MASIKU ANO: Kompyuta Yosagona Tulo Isadye Ndalama za Ufa

Mlungu uno m'danga lathu lino tikambirana nkhani imene makolo ambiri a m'matauni ayamba kukumana nayo. Nkhaniyi ndi ya ana amene abwera kwa atate ao kapena kwa amalume ao ndi pempho lacilendo, lakuti m'nyumba muikidwe kompyuta yosazimitsa usana ndi usiku, kuti iwo pamodzi ndi anzao azikumaniramo pocita masewera. Pempho lotere linandifika ine kuciyambi kwa caka ca 2024, ndipo popeza ndinayamba ndi kulakwa ndisanapeze njira yabwino, ndaona kuti nkoyenera kukufotokozerani zimene ndinaphunzira, kuti inu musataye ndalama monga momwe ndinatayira ine.

Mwana wa mlongo wanga akhala nafe kuno ku Chipata cifukwa ca sukulu, ndipo pa nthawiyo anali mu Giredi 9. Iye ndi anzake asanu anali kumanga mudzi m'masewera ochedwa Minecraft, momwe osewera amakumba miyala, kudula mitengo, kulima ndi kumanga nyumba pa dziko la m'kompyuta. Tsiku lina anakhala pansi mwaulemu nati, "Amalume, mudzi wathu ulibe pokhala. Mnzathu amene ausunga akazima kompyuta yake, tonse ticotsedwamo." Ndinamva cisoni, ndipo pa Ciweru ndinapita ku sitolo ina yogulitsa makompyuta ogwirapo kale nchito. Wogulitsa anandionetsa cikompyuta cacikulu cakuda, cokhala ndi mafani atatu ndi timagetsi tofiira m'kati, nati, "Bwana, ya masewera ndi iyi." Mtengo wake unali wotsika modabwitsa, motero ndinalipira osafunsa munthu aliyense.

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Patapita milungu itatu mai a kunyumba anandiitanira pa mita nandifunsa kuti, "Kodi abambo, mwagula citofu cina cimene ine sindinacione? Mayuniti amene amatifikitsa kumapeto kwa mwezi atha lero." Mnzanga wina wodziwa za magetsi anabwera ndi kacipangizo kopimira, ndipo tinapeza kuti cikompyutaco cinali kudya mawati pafupi-fupi 100 ngakhale pa nthawi imene ana onse anali m'tulo. Cisoni cacikulu cinadza pambuyo pake, pamene magetsi anazima mwadzidzidzi makina ali m'kati mosunga nchito ya anawo. Atayakanso, theka la mudzi umene anaumanga kwa miyezi itatu linali litaonongeka. Usiku umenewo mnyamata uja sanakhudze nsima.

SEVA NCIANI?

Kompyuta yosungira masewera a anthu ambiri imachedwa seva. Kuti timvetse nchito yake, tiyeni tiganize za nsolo. Osewera nsolo amabwera ndi kupita, koma maenje ake amakhala pomwepo pansi pa mtengo, ndipo mwala uliwonse umakhala m'dzenje momwe unasiyidwa. Seva ndiyo maenjewo, ndiponso ndiyo mkulu wokhala pambali amene aona kuti wina asabe mwala. Imakumbukira pamene pali nyumba iliyonse, imawerenga zimene wosewera aliyense wacita, niuza anzake onse nthawi yomweyo. Koma zithunzi zokongola zimene mwana aona sizipangidwa ndi seva ai. Zimapangidwa ndi foni kapena kompyuta imene ili m'manja mwake.

Apa mpamene ine ndinaphonyera. Kompyuta yosewerera imafuna ciwiya ca zithunzi camphamvu, cimene kawiri-kawiri ndico cokwera mtengo ndiponso codya magetsi koposa ziwiya zonse za m'kati. Seva sifuna ciwiya cimeneci, sifuna sikirini, ndipo ikakonzedwa bwino sifuna ngakhale munthu wokhala patsogolo pake. Wogulitsa uja sananame ponena kuti kompyuta yake inali ya masewera. Wolakwa ndinali ine, amene ndinagula thirakita pofuna kulima kadimba ka ndiwo kuseri kwa nyumba.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangolipira kampani kuti ikusungireni masewerawo? Makampani otero alipo, ndipo eni Minecraft ali ndi njira yao yochedwa Realms. Koma malipiro ake ndi a mwezi ndi mwezi, ndiponso ambiri amafuna ndalama zakunja. Bvuto lina ndi mtunda. Kucokera ku Lusaka kufika ku London pali makilomita pafupi-fupi 7,900, ndipo uthenga woyenda m'nthambo za galasi umathamanga makilomita 200,000 pa sekondi imodzi. Motero kupita ndi kubwera kungatenge mamilisekondi pafupi-fupi 80 njirayo itakhala yoongoka, pamene milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Popeza dziko lathu lilibe nyanja yamcere, nthambozo zimayamba zadzera m'maiko oyandikana nafe ndi kuzungulira gombe la Africa, cotero nthawiyo imawirikiza kawiri kapena kuposa. Wosewera amakuona kucedwa kumeneku: amenya mdani, koma mdaniyo anacokapo kale. Seva ikakhala m'nyumba mwanu, uthenga wa ana osewera m'nyumbamo umafika m'mamilisekondi owerengeka cabe.

YAMBANI MWAFUNSA ZA MASEWERAWO

Safunsa anadya phula. Musanapite ku sitolo, khalani pansi ndi mwana mumufunse mafunso atatu: dzina la masewera, ciwerengero ca osewera, ndi cimene aliyense asewerera, kaya ndi foni kapena kompyuta. Mayankho ake ndiwo adzakusankhirani makina.

Masewera a Minecraft anayambidwa ndi Markus Persson wa ku Sweden m'caka ca 2009, ndipo m'caka ca 2014 kampani ya Microsoft inagula kampani yake ya Mojang pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni. Pofika 2023 anali atagulitsidwa kopitirira 300 miliyoni. Seva ya masewerawa imawerenga mbali zonse za dziko kumene kuli osewera ka 20 pa sekondi iliyonse, ndiye kuti ili ndi mamilisekondi 50 okha kuti iyendetse nyama, madzi, mbeu ndi adani onse. Ikalephera kutsiriza m'nthawi imeneyi, zinthu zonse zimayamba kuyenda mokoka miyendo. Tsono purosesa, imene ili ubongo wa kompyuta, imakhala ndi zigawo zingapo zogwira nchito, zimene pano tidzazicha mitima. Nchito yaikulu ya Minecraft imagwera pa mtima umodzi wokha. Zili ngati ofesi yokhala ndi makalaliki asanu ndi atatu koma zenera lotsegula ndi limodzi: mzera udzayenda molingana ndi cangu ca kalaliki wa pa zeneralo. Cotero purosesa ya mitima inai yacangu iposa ya mitima 16 yaulesi.

Cina cofunika ndi RAM, malo amene kompyuta imaikapo zinthu zimene ikugwiritsa nchito pa nthawiyo, monga thebulo la mmisiri. Kwa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi osewera Minecraft yosaonjezedwa zina, makina a 8 GB akwanira bwino lomwe, ndipo ngakhale a 4 GB angayese. Masewera ena ndi opepuka kuposa apa. Luanti, amene kufikira October 2024 anali kudziwika ndi dzina lakuti Minetest, amafanana ndi Minecraft, ndi aulere, ndipo seva yake imayenda ngakhale pa makina ofooka. Ena ndi olemera: eni Palworld, masewera amene anatuluka m'caka ca 2024, alangiza 16 GB pa seva yao. Mwana akachula masewera otere, palibe colakwa kumuuza poyera kuti thumba silifikako, asankhe ena.

Funso la foni kapena kompyuta nlofunika pa cifukwa ici. Mapurosesa ali a mitundu iwiri ikulu-ikulu yosamvana cilankhulo: mtundu wa x86, wopangidwa ndi Intel ndi AMD, ndi mtundu wa ARM, umene uli m'mafoni ndi m'timakompyuta tina tating'ono. Minecraft nayo ili pawiri. Ya Java iseweredwa pa makompyuta, ndipo seva yake imayenda pa mitundu yonse iwiri ya purosesa. Ya Bedrock ndiyo imene ili pa mafoni, ndipo seva yake yocokera kwa eni ake inapangidwira Windows ndi Ubuntu pa x86. Ndi cimodzi-modzi maseva ambiri a masewera ogulidwa ku Steam, monga Valheim ndi Counter-Strike. Popeza ana athu ambiri asewerera pa mafoni, mfundo imeneyi tisaiiwale. Ilipo pulogalamu yochedwa Geyser imene imathandiza a pa foni kulowa m'seva ya Java, koma imeneyo ndi nchito yoonjezera kwa woikonza.

WERENGANI MAWATI MUSANAWERENGE MAKWACA

Makina osagona ali ndi mitengo iwiri. Woyamba mulipira kamodzi m'sitolo. Waciwiri mulipira pa mita mwezi uliwonse kufikira tsiku limene mudzawazime. Masamu ake ndi apafupi. Yuniti imodzi ya magetsi ndi mawati 1,000 ogwira nchito kwa ola limodzi. Mwezi wa masiku 30 uli ndi maola 720. Motero makina odya mawati 10 amatha mayuniti 7.2 pa mwezi, kapena 87.6 pa caka, pamene cikompyuta canga ca mawati 100 cinali kutha mayuniti 72 pa mwezi, ndiye 876 pa caka. Kusiyana kwake ndi mayuniti 788 caka ciliconse. Tengani lisiti lanu la magetsi, muone mtengo wa yuniti imodzi, mucite masamu nokha. Kumbukiraninso kuti mitengo ya magetsi a m'nyumba muno m'Zambia ili m'magawo, kotero kuti mayuniti oonjezera pamwamba pa amene mumagula kale angagwere m'gawo lokwera mtengo.

Musanyengedwe ndi nambala yolembedwa pa chaja. Ngati palembedwa mawati 65, amenewo ndi malire a zimene chajayo ingapereke, osati zimene makina adya nthawi zonse. Seva ya m'nyumba imatha maola ambiri a tsiku ikungodikira, ana ali ku sukulu kapena ali m'tulo. Cotero nambala yofunika koposa ndi ya mawati amene makina adya atakhala cete, ndipo imeneyi imadziwika poipima ndi kacipangizo kolowetsa pakati pa pulagi ndi soketi.

MAKINA ANAI OYENERA KUWAGANIZIRA

Oyamba ndi amene mwina muli nao kale: laputopu yakale imene ili m'kabati cifukwa sikirini inasweka kapena mabatani ena analeka kulemba. Seva sisamala za zimenezi. Laputopu inapangidwa kuti isamaononge magetsi, motero malaputopu ambiri amadya mawati a pakati pa 10 ndi 20 sikirini ikazimitsidwa, ndipo ali ndi batire lao-lao limene limawagwira magetsi akazima. Muikonze kuti isamagone mukatseka cibvundikiro cake. Cenjezo ndi limodzi: batire likayamba kutupa, kotero kuti laputopu sikhalanso bwino pa thebulo, licotseni msanga cifukwa lingayake moto.

Aciwiri ndi timakompyuta ta m'maofesi togwirapo kale nchito, monga Dell OptiPlex Micro, Lenovo ThinkCentre Tiny ndi HP EliteDesk Mini. Ukulu wake ndi ngati wa dikishonale ya kusukulu. Tambiri tili ndi purosesa ya Intel imene dzina lake litha ndi cilembo T, monga i5-6500T ya 2015, ya mitima inai, kapena i5-8500T ya 2018, ya mitima isanu ndi umodzi. Cilembo cimeneci cisonyeza kuti purosesayo ndi ya gulu la mawati 35, ndipo kabokosi konse kakakhala cete kamadya mawati pafupi-fupi 10. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inathetsa cisamaliro ca masiku onse ca Windows 10, pamene Windows 11 imakana mapurosesa ambiri akale, kuphatikizapo i5-6500T. Cifukwa ca ici maofesi ambiri m'maiko osiyana-siyana anacotsa makina amene akali ndi mphamvu. Kwa ife umenewu ndi mwai, popeza seva imayenda bwino pa Linux, monga Debian kapena Ubuntu Server, zimene ndi zaulere. Ndiponso RAM ndi disiki za timakompyutati mungazisinthe nokha pa thebulo la kunyumba.

Acitatu ndi timabokosi tatsopano tokhala ndi purosesa ya Intel N100, imene inatuluka mu January 2023. Purosesa imeneyi ndi ya mtundu wa x86, ili ndi mitima inai, ndi ya gulu la mawati 6 cabe, komabe mphamvu yake sisiyana kweni-kweni ndi ya i5-6500T. Kabokosi konse kakakhala cete kawiri-kawiri sikapitirira mawati 10. Tambiri timayendera mavoti 12, cinthu cothandiza kwa amene ali ndi sola, malinga pakati pa batire ndi kabokosi pakhale kacipangizo koongolera mphamvu. Koma tina timapangidwa ndi makampani osadziwika, ndipo m'tina RAM inamatiridwa kotero kuti singaonjezedwe. Funsani za zimenezi musanalipire.

Acinai ndi Raspberry Pi, kakompyuta kofanana ukulu ndi khadi la ku banki. Kanapangidwa ku Cambridge, ku Britain, ndi colinga cophunzitsira ana za makompyuta, ndipo kanayamba kugulitsidwa m'caka ca 2012 pa madola 35. Mtundu wacinai unatuluka mu 2019, ndipo wacisanu mu 2023, pa madola 60 ka 4 GB ndi madola 80 ka 8 GB. Kumapeto kwa 2025 mitengo inakwezedwa cifukwa ca kudula kwa RAM. Pa kusunga magetsi kameneka ndiko katswiri, pakuti kakakhala cete kamadya mawati atatu okha kapena anai. Koma mtengo wolengezedwawo ndi wa kakompyuta kokha kopanda cobvala. Muyenera kugula padera chaja, kabokosi, fani ndi disiki, kuonjezapo ndalama zotumizira ndi msonkho, ndipo zonse zikaphatikizidwa mtengo ungafike pa wa kakompyuta ka mu ofesi kamene kali ndi zonse kale. RAM yake siionjezedwa, ndipo purosesa yake ndi ya ARM, motero Valheim ndi seva ya Bedrock sizidzayendapo popanda kubvutikira.

Malangizo anga ndi awa. Ngati m'nyumba muli laputopu yakale ya RAM yokwanira, yambani ndi imeneyo, musagule kanthu kufikira mutaona kuti ana apirira kwa miyezi itatu. Ngati mulibe, kakompyuta ka mu ofesi kogwirapo kale nchito ndiko koyenera mabanja ambiri. Raspberry Pi ndi ya amene adalira sola yaing'ono, kumene wati iliyonse iwerengedwa. Koma cimakina cacikulu cocotsedwa ku kampani, cimene wina akupatsani mochipa kapena mwaulere, cikaneni mwaulemu. Cimalira ngati cigayo, cimatenthetsa cipinda, ndipo mphatso yotero mudzailipira pa mita.

MAGETSI AKAZIMA

Tonse tikumbuka caka ca 2024. Pa 29 February Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Magetsi oposa magawo 80 pa 100 alionse anali kucokera ku mphamvu ya madzi, ndipo madzi a m'nyanja ya Kariba atatsika, mabanja ambiri anali kulandira magetsi kwa maola owerengeka okha pa tsiku. M'nyengo yotere mpamene kucepa kwa mawati kumaonetsa phindu lake laciwiri, ndilo lakuti makina ang'ono akhuta ndi batire laling'ono.

Batire laling'ono lolembedwa 12V 7Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 84 kwa ola limodzi, koma batire la mtovu silifunika kulimaliza kupitirira theka, ndiye tiwerenge 42. Makina a mawati asanu adzayenda maola asanu ndi atatu, a mawati 10 maola anai, pamene cikompyuta ca mawati 100 sicidzafika ndi theka la ola lomwe. Batire lalikulu la 100Ah lingagwire seva pamodzi ndi rauta, zodya mawati 20 zonse ziwiri, kwa maola pafupi-fupi 30. Musaiwale rautayo, imene ndiyo kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, pakuti ikazima seva yatsala yokha ngati sitolo yopanda njira. Amene muli ndi Starlink, imene inafika m'dziko lino mu October 2023, dziwani kuti mbale yake yaikulu imadya mawati 50 kapena kuposa, ndiye kuti iposa seva yanu kasanu.

Mudzi wa ana athu unaonongeka cifukwa magetsi anadula disiki ili m'kati molemba. Timakhadi ta SD, timene ambiri aika mu Raspberry Pi, ndito tofooka koposa pa ngozi yotere, ndiponso timatha msanga polembedwa usana ndi usiku. Gulani disiki ya SSD, ngakhale yaing'ono ya 128 GB, pakuti imakhalitsa, imacita cangu, ndipo sidya magetsi ambiri. Koma mankhwala eni-eni ndi kukopera dziko la masewera pa fulashi usiku uliwonse, nchito imene makina angauzidwe kumaicita okha. Makompyuta ambiri alinso ndi lamulo m'kati, pa malo ochedwa BIOS, lowauza kudziyatsa okha magetsi akabwera. Lamulo limeneli litsegulidwe.

Adani ena ndi kutentha, fumbi ndi mphezi. Raspberry Pi ikatentha kufika madigiri 80 imayamba kudzicepetsa liwiro, ndipo makompyuta ena nao amacita cimodzi-modzi akatentha kwambiri. M'mwezi wa October makina otsekeredwa m'kabati, kapena ofundidwa kansalu koluka monga ticitira ndi wailesi, adzatopa msanga. Aikeni pa malo okwera, popita mphepo, ndipo muziwapukuta fumbi. M'nyengo ya dzinja gwiritsani nchito adaputala yochinjiriza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo mabingu akayamba, zulani mapulagi.

NJIRA YOFIKIRA ANZAO

Ana osewera m'nyumba imodzi angolumikizana pa rauta basi. Sevayo muilumikize ndi waya, osati ndi Wi-Fi, cifukwa waya sudukiza uthenga. Bvuto limadza pamene mnzao wa ku Katete kapena ku Lusaka afuna kulowa. Makampani ambiri a intaneti ya pa mafoni amagawira makasitomala mazana-mazana adiresi imodzi, njira yochedwa CGNAT, ndipo Starlink ya m'nyumba nayo imacita cimodzi-modzi. Zili ngati mudzi wa nyumba zambiri zopanda manambala: inu mungatumize kalata kunja, koma mlendo wofuna khomo lanu sangalipeze. Cotero funsani kampani yanu ngati ingakupatseni adiresi yanu-yanu. Ikakana, mapulogalamu monga Tailscale ndi ZeroTier amalambula kanjira kacinsinsi pakati pa makina a anthu odziwana, ndipo kwa kagulu kocepa salipiritsa. Yesani zimenezi pa kompyuta yobwereka musanagule ciliconse.

KHOMO LIKHALE NDI LOKO

Walira mvula walira matope. Seva yotsegukira dziko lonse imaitananso alendo osawafuna. Alipo anthu amene makina ao amayendayenda pa intaneti kufuna-funa maseva osatseka, ndipo akalowa amagwetsa nyumba za ana, mwinanso kuyamba kuceza nao nkhani zosayenera. Minecraft ili ndi njira yolembera maina a ololedwa okha. Lembanimo ana amene makolo ao muwadziwa, ena onse akanidwe. Mu December 2021 munapezeka colakwa cacikulu m'pulogalamu yochedwa Log4j, kotero kuti munthu anali wokhoza kulanda seva ya Minecraft pongolemba mau ena pa malo ocezera. Amene anaika msanga zokonza zatsopano anapulumuka. Motero makina azilandira zokonzazo mwezi uliwonse, ndipo pa kompyuta imeneyi musasungepo zikalata za banja kapena za ku banki.

Ubwino wina wa seva ya m'nyumba ngwakuti kiyi ali ndi kholo. Mungailamule kuyaka pa 3 koloko masana ndi kuzima pa 9 koloko usiku pa masiku a sukulu. Pamenepo ana agona pa nthawi yake, ndipo makina oyenda maola asanu ndi limodzi adya gawo limodzi lokha mwa magawo anai a magetsi a tsiku lathunthu.

POGULA

Pitani ndi munthu wodziwa, ndipo makinawo ayatsidwe inu mukuona. Dzina la purosesa ndi kukula kwa RAM muziwerenge pa sikirini, osati pa kapepala komatidwa kunja. Onetsetsani kuti BIOS siinatsekedwe ndi mau acinsinsi a ofesi kumene makinawo anacokera. Chaja ikhale yake-yake, ndipo palembedwe kuti ilandira mavoti 100 kufika 240, popeza magetsi athu ndi a mavoti 230. Pemphani lisiti lokhala ndi nambala ya makinawo, kuti mawa musapezeke ndi katundu wakuba.

Cikompyuta cathu cija tinacigulitsa kwa mnyamata wina wojambula maukwati, amene aciyatsa pokha-pokha pamene ali ndi nchito, ndipo kwa iye ncoyenera. Ndi ndalamazo tinagula kakompyuta ka mu ofesi ka 8 GB, disiki ya SSD ndi batire laling'ono. Mnzanga uja atapima anapeza mawati 11. Mwana wa mlongo wanga anaikamo Debian yekha, atalephera kawiri, ndipo lero ndiye amene afotokozera anzake za ma adiresi ndi za kukopera pa fulashi. Mudzi anaumanganso, ndipo magetsi azima kambiri-mbiri cicokere tsiku lija, koma palibe nyumba imene yagwa. Mai a kunyumba nao sanandiitanirenso pa mita.

Inu makolo amene mwalandira pempho longa limeneli, funsani dzina la masewera, pimani mawati, ganizirani za tsiku limene magetsi adzazime, ndipo mukatero mpamene mungafunse mtengo. Amene muli ndi mafunso lemberani kwa Mkonzi, tidzayesa kuwayankha m'danga lomwe lino. Tsalani bwino kufikira mlungu wa mawa.